Piritsi limodzi, matupi osiyana: kusankha mankhwala a ziwengo

Kwathu tilipo awiri amene timavutika ndi ziwengo nyengo ya fumbi, ine ndi mchemwali wanga. Ukangolowa Seputembala, anthu ayamba kutentha tchire ndi kusosa m'minda, mphuno zimayamba kuchucha, maso kuyabwa, m'mawa uliwonse kuyetsemula kosalekeza. Kwa zaka zambiri tinkagula mankhwala amodzimodzi, Piriton wa pa golosale. Iye akamwa piritsi limodzi madzulo ankadzuka bwinobwino n'kupita ku ntchito. Ine ndikamwa lomwelo, tsiku lotsatira lonse mutu unkalemera ngati ndasenza mtolo wa nkhuni, kukamwa gwa, maso akungofuna kutseka. Bambo mmodzi, mayi mmodzi. Amayi ankati ndili ndi magazi ofooka. Ndinadzamva pambuyo pake kuti nkhani ngati imeneyi kawirikawiri imayambira m'chiwindi.

Mankhwala akalowa m'thupi ayenera kutulukamo. Ena amasefedwa ndi impso n'kupita mu mkodzo momwe analowera. Ena amayamba aphwanyidwa kaye m'chiwindi ndi tinthu totchedwa maenzaimu, ndipo malangizo opangira maenzaimuwo ali m'majini, tizinthu ta m'maselo timene timatengera kwa makolo, mbali ina kwa mayi ina kwa bambo. N'chifukwa chake ana a mimba imodzi angathe kusiyana. Amene anamwapo ma ARV okhala ndi efavirenz, dolutegravir asanabwere, akuidziwa kale nkhaniyi: ena ankalota maloto oopsa ndi kumva chizungulire, anzawo osamva kanthu, ndipo chifukwa chachikulu chinali enzaimu ya CYP2B6 imene mwa anthu ambiri a kuno kum'mwera kwa Africa imagwira ntchito pang'onopang'ono.

Pa mankhwala a ziwengo, enzaimu yotchuka ndi CYP2D6. Mwa azungu a ku Ulaya, kwa anthu 5 mpaka 10 mwa 100 alionse enzaimuyi sigwira ntchito n'komwe. Kuno anthu otere ndi ochepa, koma tili ndi mtundu wathu wa enzaimu yochedwa. Mu 1996 Collen Masimirembwa ndi anzake anafotokoza mtundu wotchedwa CYP2D6*17 umene anaupeza mwa anthu a ku Zimbabwe, pafupifupi jini imodzi mwa zitatu zilizonse zimene anayeza. Chaka chomwecho ku Ethiopia kunapezeka zosemphana nazo: pafupifupi anthu 29 mwa 100 anali ndi majini owonjezera, enzaimu yawo n'kumathamanga kuposa ya ena onse. Choncho kunena kuti "mankhwala awa ndi oyenera anthu akuda" n'kulakwitsa. Khungu, mtundu, ngakhale mfunda sizikuuzani zimene zili m'chiwindi chanu. Chimene mungachite ndi kusankha mwanzeru podziwa njira imene mankhwala alionse amadutsa.

Zoyenera kuyang'ana musanagule

Choyamba, dzifunseni ngati vutolo ndi ziwengo zenizeni. Mapiritsi ambiri amene tikambe pano amatsekereza histamine, kanthu kamene thupi limatulutsa likakumana ndi fumbi, mungu, nkhungu kapena chakudya chimene silikuchifuna. Kuyabwa kwina sikudzera mwa histamine. Chitedze ndi chitsanzo chabwino: ubweya wake uli ndi kanthu kotchedwa mucunain kamene kamadzutsa mitsempha ya pakhungu mwa njira ina, ndipo mapiritsi a ziwengo sathandiza kwenikweni. Mphere nazonso zimafuna mankhwala opha tizilombo, kuwonjezera kuchapa zofunda. Ambiri amene amati "mankhwalawa sandigwira" amakhala akumwa mankhwala a matenda ena.

Mukatsimikiza, yang'anani zinayi. Mtengo, koma wa nyengo yonse osati wa piritsi limodzi. Piritsi lotchipa lomwa kanayi pa tsiku kwa miyezi itatu silikhalanso lotchipa. Kapezekedwe, chifukwa mankhwala abwino opezeka ku Lilongwe kokha sathandiza munthu wa ku Nthalire. Kamwedwe, kutanthauza kangati pa tsiku, ndi chiyani, kwa nthawi yaitali bwanji. Ndi zoopsa, zimene zimadalira majini anu, msinkhu, ntchito imene mumagwira, ndi mankhwala ena amene mukumwa. Mfundo yomalizayi ndiikoke pang'ono: mankhwala ena amatha kutseka enzaimu yabwinobwino, munthu n'kukhala ngati anabadwa nayo yochedwa. Fluoxetine, mankhwala a matenda okhumudwa, amachita zimenezi pa CYP2D6. Rifampicin wa TB amachita zosiyana, amafulumizitsa chiwindi mwakuti mankhwala ena amatha msanga m'magazi. Nthawi zambiri zomwe zalembedwa m'kabuku kanu ka kuchipatala zimalemera kuposa majini.

Akale: chlorpheniramine ndi promethazine

Awa ndi Piriton ndi Phenergan, ndipo anzawo monga diphenhydramine amabisala m'mankhwala ambiri a chifuwa ndi chimfine.

Mtengo ndi kapezekedwe: palibe owaposa. Piriton mumupeza pa famase iliyonse, m'zipatala zing'onozing'ono, ngakhale m'magolosale a kumudzi, pa ndalama yochepa kwambiri. Ichi ndicho chifukwa chenicheni chimene tonse tinakulira pa iye.

Kamwedwe ka Piriton: wamkulu amamwa 4 mg maola 4 mpaka 6 alionse, osapitirira mapiritsi 6 pa tsiku. Chosokoneza n'chakuti ngakhale amamwedwa pafupipafupi chonchi, amachedwa kutuluka; mwa wamkulu theka lake limatha kukhalabe m'magazi pafupifupi tsiku lathunthu. Womwa usiku n'kumati wathana nazo amadzuka mankhwala akadali m'mutu.

Zoopsa: apa ndi pamene majini amalankhula mokweza. Mankhwala onse atatuwa amadalira CYP2D6 kuti aphwanyidwe, ndipo amalowa mu ubongo mosavuta. Amene enzaimu yake ndi yochedwa amasunga mankhwala ambiri kwa nthawi yaitali: tulo, kuuma kukamwa, kudzimbidwa, kuona mwachimbuuzi. Choopsa kwambiri n'chakuti munthu amatha kumva ngati ali maso bwinobwino pamene manja ndi maganizo zikuchedwa. Kwa dalaivala wa minibasi, wa kabaza wanjinga yamoto, wa pa chigayo kapena mlonda, imeneyi ndi nkhani ya moyo. Mowa umawonjezera zonsezi. Agogo amatha kusokonezeka maganizo ndi kugwa; abambo otupa prostate mkodzo umatha kutsekeka; odwala mtundu wina wa matenda a maso otchedwa glaucoma, maso amatha kuipiraipira. Promethazine saperekedwa kwa mwana wosakwana zaka 2 chifukwa amatha kuimitsa kupuma. Ndipo chizolowezi chomwetsa mwana Piriton kuti agone pa ulendo wa basi chiyenera kutha. Ana ena m'malo mogona amabalalika n'kumalira, mtima ukuthamanga. Ngati mukumwa LA wa malungo, auzeni a zachipatala musanaphatikize ndi promethazine, chifukwa onse awiri amatha kukhudza kagundidwe ka mtima.

Bungwe la WHO mu 2013 linaika loratadine m'malo mwa chlorpheniramine pa mndandanda wake wa mankhwala ofunika kwambiri. Ndikugwirizana nalo. Piriton ali ndi malo ake, monga usiku umodzi kapena iwiri pamene kuyabwa kukukanikitsani kugona, koma sayenera kukhala wa tsiku ndi tsiku.

Cetirizine

Mtengo: wokwererapo pa piritsi, koma limodzi limakwana tsiku lonse, ndipo opangidwa ku India amene adzaza m'mafamase athu satsika mphamvu chifukwa chosakhala ndi dzina la Zyrtec. Pa mwezi wathunthu kusiyana kwake ndi Piriton sikukhala kwakukulu monga anthu amaganizira.

Kapezekedwe: m'matauni ndi pa maboma ambiri alipo, m'midzi yakutali muyenera kugula okwanira mukapita ku boma.

Kamwedwe: 10 mg kamodzi pa tsiku, kudya kapena osadya. Amayamba kugwira ntchito mkati mwa ola limodzi.

Zoopsa: ubwino wake pa nkhani yathuyi ndi wakuti chiwindi sichimukhudza kwambiri. Gawo lalikulu limatuluka mu mkodzo osasinthika, motero kaya CYP2D6 yanu ndi yothamanga kapena yochedwa, zotsatira zimafanana. Katundu amasamukira ku impso. Amene impso zawo zinafooka chifukwa cha shuga, BP, ukalamba kapena mankhwala ena ayenera kumwa theka, ndipo amene zafooka kwambiri afunse dokotala asanayambe. Amagulitsidwa ngati wosagonetsa, koma zimenezo si zoona kwathunthu: pa kafukufuku amene anachitika asanavomerezedwe ku America, anthu pafupifupi 14 mwa 100 anawodzera, poyerekeza ndi 6 mwa 100 amene anamwa piritsi lopanda mankhwala. Ndi bwino kumuyamba madzulo a tsiku limene mawa lake simuyendetsa galimoto. Mu 2025 bungwe la FDA, loona za mankhwala ku America, linachenjezanso kuti anthu ena ochepa amene amwa cetirizine tsiku ndi tsiku kwa miyezi kapena zaka amayabwidwa koopsa akasiya mwadzidzidzi, choncho amene wamwa nthawi yaitali akambirane ndi a zachipatala za kasiyidwe kake.

Loratadine ndi desloratadine

Ndawaika pamodzi chifukwa ndi mayi ndi mwana: loratadine akafika m'chiwindi amasanduka desloratadine, ndipo wachiwiriyu ndi amene amagwira ntchito yambiri.

Mtengo: loratadine ali pafupi ndi cetirizine. Desloratadine, amene amagulitsidwa ndi mayina monga Aerius, ndi wodula kwambiri.

Kapezekedwe: loratadine sasowa m'mafamase a m'tauni. Desloratadine ndi wa mafamase akuluakulu ndi zipatala zolipira. Abale a ku Joni ndi ku UK amamupeza mosavuta.

Kamwedwe: kamodzi pa tsiku, 10 mg kwa loratadine, 5 mg kwa desloratadine. Loratadine amachedwerapo kuyamba poyerekeza ndi cetirizine, ndipo anthu ena amamva kuti ndi wofatsa pa zidzolo zoyabwa kwambiri.

Zoopsa: gawo loyamba la ulendo wa loratadine lili ndi njira ziwiri, maenzaimu a CYP3A4 ndi CYP2D6, choncho ina ikachedwa inzake imanyamula. Gawo lachiwiri ndi limene likutikhudza ife mwapadera. Pepala la m'bokosi la desloratadine ku America limanena poyera kuti pa anthu amene anayezedwa, pafupifupi 17 mwa 100 akuda ankachedwa kwambiri kumuphwanya, poyerekeza ndi 2 mwa 100 azungu. Mwa anthu amenewa mankhwala ankachuluka m'magazi pafupifupi ka 6, ndipo theka lake linkatenga maola oposa 50 kuti lichoke, pamene mwa ena limatenga maola 27. Kwa zaka zambiri chifukwa chake sichinkadziwika, mpaka mu 2015 pamene anapeza kuti ntchitoyi imayambira pa enzaimu ya UGT2B10, imene mtundu wake wosagwira ntchito ndi wofala mwa anthu ochokera ku Africa. Anthu akuda amene anayezedwawo sanali a kuno, koma ndi chenjezo lokwanira kuti m'kalasi la ana 60 mungakhale angapo otere.

Pafunika chilungamo apa. Kafukufuku wotchulidwa pa pepala la m'bokosi lija sanapeze kuti ochedwawa amavutika kwambiri kuposa anzawo pa mlingo wovomerezeka, ndipo palibe lamulo loti achepetse. Koma mfundo ziwiri zikutsatira. Yoyamba, ngati loratadine kapena desloratadine akukupatsani mutu, kuuma kukamwa kapena kutopa kumene kukukulirakulira pakapita masiku, musadzikayikire. Sinthani n'kupita kwa cetirizine kapena fexofenadine. Yachiwiri, madokotala nthawi zina amakweza mlingo mpaka kanayi pa zidzolo zosatha, ndipo zimenezo musadziyesere nokha ndi mankhwala awiriwa. Kwa ine, kulipira ndalama zambiri kuti mugule desloratadine m'malo mwa loratadine n'kugula dzina. Pa nkhani ya majini simunathawe kalikonse. Ketoconazole ndi erythromycin amakweza loratadine m'magazi, choncho atchuleni pa famase ngati mukuwamwa.

Fexofenadine

Mtengo ndi kapezekedwe ndiwo mavuto ake: wodula kuposa onse amene tatchula kupatula mwina desloratadine, ndipo kunja kwa Blantyre, Lilongwe, Mzuzu kapena Lusaka mungayende mafamase angapo osamupeza. Dzina lodziwika ndi Telfast.

Kamwedwe: 120 mg pa tsiku pa ziwengo za m'mphuno, 180 mg pa zidzolo. Mwerani madzi okha. Juwisi wa malalanje, maapozi kapena manyumwa amatseka tizipata ta m'matumbo timene mankhwalawa amalowera, ndipo mphamvu imatha kutsika ndi gawo limodzi mwa atatu kapena kuposa. Mankhwala a chilungulira okhala ndi magnesium kapena aluminium, monga magnesium trisilicate, amamugwira m'mimba. Siyanitsani ndi maola 2.

Zoopsa: ndi zochepa. Chiwindi chimangophwanya pafupifupi 5 mwa magawo 100, ndipo safika mu ubongo, motero ndiye wosagonetsa kuposa onse. Majini a tizipata tija, ABCB1 ndi SLCO2B1, amasiyana pakati pa anthu, koma kusiyana kumene kumabwera ndi kochepa poyerekeza ndi kapu imodzi ya juwisi. Rifampicin amamuchepetsa m'magazi, choncho kwa amene ali pa mankhwala a TB akhoza kuoneka wopanda mphamvu.

Opopera m'mphuno

Beclomethasone, budesonide, fluticasone ndi mometasone. Ngati vuto lanu lalikulu ndi mphuno yotsekeka, awa amaposa mapiritsi onse, ndipo n'zomvetsa chisoni kuti ambiri sitiwadziwa.

Mtengo: botolo limodzi limaoneka lodula tsiku logula, koma limatha mwezi kapena kuposa. Beclomethasone ndiye wotsikirapo.

Kapezekedwe: m'mafamase a m'tauni, ena ndi kalata ya dokotala.

Kamwedwe: apa m'pamene ambiri amagwera. Sagwira tsiku lomwelo. Amafuna masiku angapo, ndipo mphamvu yonse imafika pakatha sabata imodzi kapena ziwiri mukupopera tsiku lililonse. Yambani nyengo yanu isanafike. Minani kaye, weramitsani mutu pang'ono, lozetsani kamwa la botolo cha kumbali ya khutu osati pakati pa mphuno, ndipo musakokere mpweya mwamphamvu.

Zoopsa: kamfuno ndi kuuma m'mphuno, makamaka kwa olozetsa pakati. Za majini, mu 2011 ofufuza anapeza kuti odwala mphumu okhala ndi mtundu wina wa jini ya GLCCI1 sathandizidwa mokwanira ndi mankhwala a gulu lomweli opumira m'mapapo, umboni woti kusiyana pakati pa anthu kulipo ndithu. Koma musananene kuti majini akukanizani, onani kaye ngati mwapopera molondola kwa milungu iwiri. Chenjezo lalikulu ndi la amene akumwa ma ARV okhala ndi ritonavir, monga atazanavir kapena lopinavir. Ritonavir amatseka CYP3A4, ndiye fluticasone ndi budesonide amaunjikana m'magazi mpaka nkhope kutupa, shuga kukwera, mafupa kufooka. Kwa iwowa madokotala amasankha beclomethasone. Amene ali pa dolutegravir vuto limeneli alibe.

Musawasokoneze ndi madontho otsegula mphuno msanga monga Otrivin. Amenewo ndi a masiku owerengeka, sabata isakwane, apo ayi mphuno imatsekeka kuposa kale. Samalaninso ndi mapiritsi osakaniza monga Celestamine, kapena prednisolone wogula popanda dokotala: amathandiza mofulumira, n'chifukwa chake anthu amawakonda, koma kumwa miyezi kumabweretsa shuga, BP ndi kufooka kwa chitetezo cha m'thupi.

Montelukast

Sindikhalapo nthawi. Ndi wodula, amafuna kalata ya dokotala, amamwedwa kamodzi madzulo, ndipo amadziwika kuti ena amawathandiza kwambiri pamene ena sawasintha n'komwe. Kusiyana kwa jini ya ALOX5 ndi chimodzi mwa zifukwa zimene zafufuzidwa. Mu 2020 FDA inaika chenjezo lake lamphamvu kwambiri pa mankhwalawa chifukwa cha maloto oipa, kukhumudwa, ukali ndi maganizo ofuna kudzipha, ndipo inati pa ziwengo za m'mphuno zokha aziperekedwa njira zina zikalephera. Malo ake enieni ndi kwa amene ali ndi mphumu pamodzi ndi ziwengo.

Nanga kukayezetsa majini?

Ku South Africa ndi ku UK kuli makampani ogulitsa mayeso otere, ndipo mtengo wake ungakugulireni mankhwala a zaka zingapo. Bungwe la CPIC, limene limalemba malangizo a mmene madokotala angagwiritsire ntchito zotsatira za majini, lili ndi malangizo a codeine, warfarin ndi efavirenz, koma lilibe a mapiritsi a ziwengo. Mayeso ena otchipa amayang'ana mitundu yofala ku Ulaya yokha n'kudumpha *17, ndiye munthu wa kuno amauzidwa kuti zonse zili bwino pamene sizinayezedwe. Pa ziwengo zokha ndalamazo sungani. Mayeso otsika mtengo ndi awa: mankhwala amodzi pa nthawi, kwa milungu iwiri, mukulemba m'kope mmene mphuno, khungu ndi tulo zikuyendera.

Ndani atenge chiyani

Ngati mumayendetsa galimoto, njinga yamoto kapena makina, kapena mukukonzekera mayeso, tengani fexofenadine ngati thumba likulola; apo ayi loratadine. Piriton musamuyandikire.

Ngati Piriton amakugwetsani tsiku lonse monga ankachitira ine, dziwani kuti mankhwala ambiri a chifuwa ndi chimfine akuchitani chimodzimodzi, ndipo werengani zolembedwa pa botolo. Yambani ndi cetirizine madzulo. Ine ndinakhazikika pa iye, kuphatikiza beclomethasone kuyambira kumapeto kwa Ogasiti. Mchemwali wanga anasankha loratadine ndipo akuyenda naye bwino.

Amene zidzolo zimangotuluka n'kuzimiririka, zoyabwa kwambiri, cetirizine amagwira msanga. Zikapitirira milungu 6 pitani kuchipatala, mlingo akakweze ndi dokotala.

Agogo, ndi aliyense wa impso zofooka: loratadine, kapena theka la cetirizine a zachipatala akavomereza. Wodwala chiwindi atembenuze, ayambe ndi cetirizine kapena fexofenadine. Amayi oyembekezera afunse ku sikelo. Loratadine ndi cetirizine ndi ena mwa amene akhala akugwiritsidwa ntchito kwambiri pa nthawi ya pakati. Ana apatsidwe amadzi a cetirizine kapena loratadine pa mlingo wa msinkhu wawo, woyezedwa ndi kasupuni ka m'bokosi osati supuni ya tiyi.

Amene ali pa ma ARV a ritonavir, beclomethasone m'mphuno ndi cetirizine wakumwa. Amene ali pa mankhwala a TB, cetirizine, chifukwa sadalira kwambiri njira zimene rifampicin amafulumizitsa.

Amene ali kumudzi kumene kulibe china koma Piriton, mwani usiku wokha, kwa masiku ochepa, osaphatikiza mowa, ndipo wina akamapita ku boma mutumeni cetirizine wa mwezi wathunthu kuchokera ku famase yovomerezeka ndi bungwe loona za mankhwala la PMRA, kapena ZAMRA ngati muli ku Zambia, osati pa benchi la mumsika pamene mapiritsi amakhala padzuwa.

Koma milomo, lilime kapena pakhosi zikayamba kutupa, mawu akasasa, mpweya ukabanika kapena munthu akafooka mwadzidzidzi atalumidwa ndi njuchi, atadya mtedza kapena nsomba, kapena atabayidwa jakisoni, palibe piritsi pa onse amene tatchulawa limene lingamupulumutse. Amafunika jakisoni wa adrenaline pantchafu, mphindi zomwezo. Mugonekeni chagada miyendo itakwezedwa, kapena akhale tsonga ngati kupuma kukuvuta, musamulole kuimirira ndi kuyenda, ndipo pezani galimoto yopita ku chipatala chimene chili pafupi.